Ndalemba kuti ndi chamba, pano khosi lapindika ndipo amalume akufuna kumutenga

CO (clinical officer, wopima odwala) wakumudzi: Akuluakulu a pagulu lathu la azaumoyo, mwadzuka bwanji. Ndili ndi wodwala amene wandisowetsa mtendere kuyambira dzulo. Mnyamata wa zaka 20, anabwera naye masana pa ngolo, manja ndi miyendo atamanga ndi linya. Omubweretsa ndi amalume ake ndi mkulu wake. Akuti zayamba masiku anayi apitawa: sakugona, akulankhula yekha, Lamulungu anaphwanya wailesi ya aneba ponena kuti ikuulutsa za iye, kenako anathamangitsa mlongo wake ndi mpini. Akuti sanadwalepo chonchi, ndipo m'kabuku kake ka kuchipatala muli malungo akalekale basi. Nditafunsa za chamba amalume anayankha ndisanamalize n'komwe, akuti "amasuta kwambiri, ndi chimenecho chamuzunguza." Ndinamubaya mankhwala omukhazika, haloperidol 5 mg ndi diazepam, anagona, ndipo ndinalemba kuti ndi psychosis (kusokonekera mutu) yobwera ndi chamba. M'mawa uno ndamupatsanso haloperidol 5 mg wakumwa. Pano khosi lapindikira mbali imodzi, maso ali kudenga, lilime latuluka, malovu ali chuchuchu. Amalume akuti "mwaona, izi si zachipatala, tipatseni tipite naye kwina," ndipo atuma kale mwana kukaitana ngolo. Ndichite chiyani pompano? Nanga zomwe ndalembazo n'zoona, kapena ndathamanga?

Sisita wa za maganizo: Achimwene, funso lachiwirilo lidikire kaye. Pitani pa wodwalayo tsopano lino. Zimenezo ndi dystonia, kukungika kwa minofu, yabwera ndi haloperidol. Yambani mwamvetsera mmene akupumira: ngati pakhosi pakulira kapena akubanika, imeneyo ndi ngozi, itanani ambulansi uku mukupereka mankhwala. Ngati akupuma bwino ndipo angathe kumeza, mupatseni benzhexol. Ngati kumeza kukuvuta, promethazine wa jakisoni amathandiza. Haloperidol wa madzulo ano asamwe. Mumugwirenso thupi ndi kumupinda mikono: akakhala kuti watentha, thupi lonse lauma gwa, thukuta lili kamukamu ndipo sakuzindikira, imeneyo ndi nkhani ina yoopsa kwambiri, asagone pamenepo.

Koma musanapereke mankhwalawo, muwaitane amalumewo aime pambali panu. Muwauze poyera kuti izi zachitika chifukwa cha mankhwala athu, zimachitika kwa achinyamata amene akumwa koyamba, ndipo tili ndi mankhwala ozithetsera. Aone ndi maso awo khosilo likubwerera. Mukabisa, iwo apita akudziwa kuti chipatala chinamuwonjezera matenda, ndipo mudzi wonse udzamva zimenezo.

CO wakumudzi: Akupuma bwino, sanatenthe, mikono ikupindika. Promethazine alipo, ndamubaya. Amalume ali pompano.

Akulu a ku wodi ya abambo: Pamene mukudikira, ndifunseko zanga. Dzulo atangofika, kutentha kwa thupi kunali bwanji? Malungo munayeza? Shuga? Magazi a HIV? Amadziwa kuti ali kuti, ndipo amazindikira amene abwera naye? Ndikufunsa chifukwa munthu wosokonekera mutu koyamba, ine ndimamutenga ngati wodwala m'thupi mpaka nditatsimikiza kuti ayi. Wa delirium, kusokonekera kobwera ndi matenda a m'thupi, amasinthasintha: m'mawa mucheza naye bwino, usiku sakudziwa dzina la mayi ake, akutola zinthu zosaoneka pa bulangete. Wa psychosis yeniyeni nthawi zambiri amadziwa kuti pano ndi pachipatala, lero ndi Lachiwiri, awa ndi amalume, kungoti ali ndi chikhulupiriro chake chomwe simungamuchotse, ndi mawu amene akumva yekha. Malungo a muubongo, meningitis (matenda oumitsa khosi), shuga wotsika, khunyu, kusiya kachasu mwadzidzidzi, kuvulala m'mutu, zonsezi zimafika pa khomo pathu zitamangidwa ndi linya lomwelo. Ndipo munthu amene amugwira anthu ambiri pomumanga, mufufuze m'mutu ngati sanamumenye.

CO wakumudzi: Kutentha kunali 36.8, malungo alibe, shuga ali bwino. HIV sindinayeze, ndinaona kuti sangathe kuvomereza ali mmene analirimo. Amadziwa dzina la chipatala chino, tsiku analiphonya ndi limodzi. M'mutu mulibe bala, koma m'manja linya lamucheka. Khosi layamba kumasuka, lilime labwerera. Amalume akhala pansi.

Wa ku ART (kliniki ya ma ARV): Za HIV zo musazisiye, akangokhazikika mukambirane naye ayezedwe, pamodzi ndi chindoko ngati zoyezera zilipo. Ife kuno taonapo anthu amene chizindikiro choyamba cha HIV yofika patali chinali kusokonekera mutu, ndipo akapezeka nako, CD4 (muyeso wa chitetezo cha m'thupi) ikakhala pansi pa 200 timayeza cryptococcal antigen, chizindikiro cha tizilombo tobweretsa meningitis, osadikira kuti adandaule mutu. Mufunsenso ngati pali mankhwala ena amene akumwa. Kale tisanasinthire anthu ambiri a pa ma ARV ku dolutegravir mu 2019, efavirenz ankatibweretsera maloto oipa ndi kusokonekera mwa ena. Masiku ano zachepa, koma isoniazid wa TB ndi prednisolone nazonso zimatha kuchita zimenezi, ndipo prednisolone anthu amangogula pamsika.

CO wa OPD (kwa odwala osagonekedwa) kutauni: Zonsezo n'zoona, koma tisamuopseze mnzathuyu. Mnyamata wa zaka 20, amasuta, zayamba masiku anayi, magazi ali bwino. Kuno timawaona otere sabata iliyonse, ndipo ambiri ndi chamba basi. Mupatseni mankhwala a milungu iwiri, mumulangize asiye kusuta, achira. Mzere wa OPD ukakhala ndi anthu oposa 100 panja, sungakhale ola lathunthu ndi munthu mmodzi kufunsa za agogo ake. Ine ndikuona kuti walemba bwino.

Sisita wa za maganizo: Achimwene a kutauni, za mzerewo ndikuzimvetsa, nanenso ndinagwirapo OPD. Koma ndikufunseni: mwa amene munawapatsa a milungu iwiriwo, ndi angati munawaonanso pakatha miyezi isanu ndi umodzi? Ife a kliniki ya za maganizo ndi amene timawalandira akabweranso, chaka chitatha, atamangidwanso, m'kabuku muli mzere umodzi wokha: chamba. Mzere umenewo ukangolembedwa, aliyense wobwera pambuyo amangoukopera, palibenso amene amafunsa.

Sindikukana kuti chamba chimazunguza mutu. Chimatero, makamaka kwa amene anayamba kusuta ali wamng'ono ndipo amasuta tsiku ndi tsiku. Koma kupezeka kwa chamba m'mbiri ya munthu sikutseka nkhani. Ku Denmark, komwe amasunga kaundula wa odwala a dziko lonse, kafukufuku amene anatuluka mu 2018 anatsatira anthu omwe analembedwa kuti psychosis yawo inabwera ndi chamba, ndipo pafupifupi 47 mwa 100 alionse anadzapezeka ndi schizophrenia kapena bipolar, matenda a maganizo okhalitsa, patsogolo pake. Pafupifupi theka. Ndiye ngakhale mutalemba molondola kuti ndi chamba, munthuyo si wongomupatsa mapiritsi n'kumutsanzika. Komanso zaka zimene anyamata amayamba kusuta ndi zomwezonso zimene schizophrenia imakonda kuyamba mwa amuna, kuyambira kumapeto kwa zaka za kusekondale mpaka cha m'ma 25. Ziwirizi zimakumana pa msinkhu umodzi, ndiye n'kosavuta kuloza chimene chikununkha.

Chimene chikundikayikitsa ine pa nkhani iyi ndi masiku anayiwo. Achimwene akumudzi, amene anakupatsani mbiriyi amagona nyumba imodzi ndi mnyamatayo?

CO wakumudzi: Ndafunsa. Amalume amakhala mudzi wina, mkulu wakeyo amakhala pa trading centre, amapalasa kabaza. Mnyamatayu amakhala ndi mayi ake ndi alongo ake awiri. Mayi anatsala kunyumba.

Sisita wa za maganizo: Ndiye mbiri simunaimve. Mwamva za tsiku limene mudzi unatopa naye. Amuna amabwera chifukwa ndi amene ali ndi mphamvu zomugwira, ndiponso amalume ndi mwini mbumba, koma amene amadziwa tsiku limene mwana anasiya kumaliza nsima ndi mayi. Ngolo imene aitanayo ikatenge mayiwo.

Akabwera musawafunse kuti "zinayamba liti?" Funso limenelo yankho lake nthawi zonse ndi tsiku la chiwawa. Afunseni kuti, "Ndi liti pamene munamuona komaliza ali mwana wanu uja mumamudziwa?" Akavutika ndi miyezi, athandizeni ndi zimene amakumbukira: pokolola chaka chatha analowa nawo m'munda? Pa Khirisimasi anadya ndi anzake? Pobzala? Pa maliro aakulu a m'mudzimo anapita kukakumba nawo manda? Kwa anthu a kumwera kuno ndimafunsanso za namondwe wa Freddy wa mu March 2023, palibe amene anaiwala kumene anali, ndi mmene mwana wake analili nthawi imeneyo. Mukatero mufunse zimene anasiya, osati zimene anayamba zokha. Anasiya liti kusamba? Mpira? Kwaya? Sukulu anasiyira kalasi yanji, ndipo chinavuta ndi fizi kapena mutu? Zinthu zosiyazi zimabwera mwakachetechete, pakhomo amangoti wayamba ulesi kapena mwano, ndipo zimatha miyezi yambiri mawu asanayambe kumveka.

Ndipo muwafunse ali okha, amalume ali panja.

Akulu a ku wodi ya abambo: A Sisita anena zoona. Nthawi imene munthu wakhala ndi psychosis osalandira mankhwala, imene m'mabuku amaitcha duration of untreated psychosis, si nambala yongokometsera lipoti. Kafukufuku wa m'maiko ambiri amagwirizana kuti ikatalika, kuchira kumavutanso. Komanso imatithandiza kusiyanitsa. Mu ICD-10, buku la WHO losanja matenda, schizophrenia imafuna kuti zizindikiro zikhale zitatha mwezi umodzi, pamene a DSM, buku la ku America, amafuna miyezi isanu ndi umodzi ya kudwala konse. Psychosis yobwera ndi chamba imayenera kuyamba kuzilala mkati mwa mwezi munthu akasiya kusuta. Ndiye masiku anayi ndi chaka chimodzi zikutitengera kosiyana kotheratu. Mufunsenso kuti chinayamba n'chiyani, kusuta kapena kusintha.

Ndionjezere za mania, chifukwa timaiphonya kwambiri. Ngati sakugona koma sakutopa, akulankhula mosadukiza, akulalikira pamsika, wagawa katundu, akuti ali ndi mphamvu kapena chuma chachikulu, ndipo zinayamba mofulumira mwa munthu amene anali bwinobwino, ganizirani bipolar. Mufunse ngati panakhalapo nyengo ina yomwe anangokhala ndwii, osafuna kanthu, akulira. Chithandizo chake cha nthawi yaitali chimasiyana.

Mzamba: Ndingolowererapo pang'ono ngakhale wanuyu ndi mwamuna, poti ena akuwerenga. Mayi aliyense wobwera atasokonekera koyamba, funsani kuti anabereka liti. Psychosis ya pambuyo pobereka imagwira mayi mmodzi kapena awiri mwa 1,000, kawirikawiri m'milungu iwiri yoyambirira, ndipo imathamanga. Mwana asasiyidwe naye yekha, ndipo muyeze kutentha ndi BP, chifukwa matenda a m'chiberekero ndi eclampsia (kukomoka kobwera ndi BP yokwera) nazo zimasokoneza mutu. Pa schizophrenia, akazi ambiri amayamba mochedwerapo kusiyana ndi amuna, ena mpaka zaka za m'ma 40, ndiye musati "wakula, sangayambe pano." Komanso akazi sachita chiwawa kawirikawiri, ndiye amakhalitsa kunyumba osabwera nawo.

CO wakumudzi: Mayi afika. Amalume anakana poyamba, koma ataona khosi lawongoka anavomera. Ndilowe nawo, ndibweranso. Ndingatumize chithunzi cha m'manja mwake muone mabalawo?

Akulu a ku wodi ya abambo: Ayi mphwanga, chithunzi musatumize, ngakhale dzina la mudzi. Mabalawo tsukani, mumange, muone za katemera wa kafumbata. Linyalo lisabwererenso pa thupi lake.

CO wakumudzi: Akuluakulu, ndakhala nawo mayi aja pafupifupi ola. Sindikudziwa ndiyambire pati.

Nditawafunsa funso lija la a Sisita, anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Pokolola chaka chatha ndi pamene ndinaona kuti mwanayu si iye." Anali Fomu 3, ndipo fizi inalipo, amalume omwewo ndi amene ankalipira. Temu yachiwiri anayamba kubwerako msanga, akuti anzake akumunena. Kenako anasiyiratu. Anasiya mpira, anasiya kupita kutchalitchi, ankangokhala m'gowelo chitseko chotseka, zenera atatchinga ndi thumba la feteleza. Cha m'ma October anayamba kukana nsima ya mayi ake. Ankaitenga, kuinunkhiza, n'kuipereka kwa galu kaye, galu akadya iye osadyabe. Anapempha kampoto kake, n'kumaphika yekha kuseri kwa nyumba usiku. Mayiwo akuti chimene chinawapweteka kwambiri n'chimenecho, mwana amene anamuyamwitsa kuwaganizira kuti angamuthirire mankhwala. Pa Khirisimasi alongo ake ankamumva akuseka yekha ndi kuyankha munthu amene palibe.

Chamba anayamba mvula ya chaka chino itayamba kale, ndipo iye mwini, poti pano akutha kulankhula, wandiuza kuti amasuta kuti mawu amene amamvawo achepe agone. Akuti ndi amuna awiri, amakambirana za iye, amanena chilichonse chimene akuchita, "taonani wanyamula kapu, taonani wakhala pansi."

A pakhomo sanangokhala naye. Anapita kwa asing'anga awiri, ndaona mphini m'mbali mwa mutu ndi pachifuwa, dzulo sindinazione chifukwa sindinamuvule malaya. Woyamba anati anamulodza anzake a kusukulu chifukwa cha nzeru. Anagulitsa mbuzi ziwiri. Kenako anakakhala milungu itatu kumapemphero. Kuchipatala sanaganizeko chifukwa "sanali kudwala, samamva kuwawa paliponse."

Ndiye ndinafunsa ngati kubanja kwawo kunakhalapo wina wotere. Anayang'ana kukhomo kaye. Akuti mlongo wawo wina, mng'ono wawo wa amalume ali panjawa, anayamba chimodzimodzi ali mnyamata, ankayendayenda m'misika, ndipo anapezeka atamwalira kutali ndi kwawo. Pakhomo satchulidwa.

Kuwerenga kuyambira pamene anayamba kukana chakudya, yadutsa miyezi isanu ndi itatu. Kuyambira pamene anasiya sukulu, chaka chakwana. Ine ndinalemba masiku anayi.

Sisita wa za maganizo: Mwagwira ntchito, achimwene. Ndipo tsopano mukumvetsa chifukwa chake amalume anathamangira kunena chamba. Musawaone ngati abodza. Munthu amene anaika m'manda mng'ono wake ndi matenda amenewa, kuti avomere kuti abweranso pa mwana wa mlongo wake, n'chinthu cholemera. Chamba chili ndi pothawira: ndi khalidwe la mwana, akasiya zitha. Ufiti nawo uli ndi pothawira: wolakwa ali kunja. Koma kunena kuti zili kumtundu, iwo akuganiza za atsikana awiri aja, kuti adzawakwatira ndani mudzi ukadziwa. Mukamalankhula nawo muwauze zoona zake: kukhala ndi wachibale wodwala kumakweza mpata, koma ambiri a m'banja lotero sadwala. Ngakhale mwana amene kholo lake lenileni lili ndi schizophrenia, mpata wake ndi pafupifupi mmodzi mwa khumi, asanu ndi anayi otsalawo ayi. Ndipo muwauze kuti mng'ono wawo uja sanalandire chithandizo, pamene uyu wafika.

Funso limodzi simunalitchule. Mawuwo amamulamula? Munamufunsa za kudzipha?

CO wakumudzi: Sindinafunse. Ndinaopa kuti ndimupatsa maganizo.

Sisita wa za maganizo: Kufunsa sikupatsa munthu maganizo amenewo, koma kumamupatsa mpata wonena zimene wasenza yekha. Bwererani mukafunse mofatsa, mwachindunji: "Mawuwa anayamba akuuzapo kuti udzipweteke kapena upweteke wina? Iweyo unayamba waganizapo zodzipha?" Zaka zoyambirira za matendawa ndi zimene ngozi imeneyi imakhala yaikulu, makamaka kwa mnyamata amene anali wanzeru kusukulu, ndipo nthawi zina imakula pamene wayamba kupeza bwino n'kuzindikira zimene wataya.

CO wakumudzi: Ndafunsa. Akuti mwezi watha mawu anamuuza kuti amwe tameki, anakagula, koma anamubisa kudenga la gowelo. Akadali komweko. Za mlongo wake akuti sanafune kumupweteka, ankafuna achoke pakhomo chifukwa mawu anati watumidwa. Ndamuuza mkulu wake apite pa njinga akachotse tamekiyo pompano, pamodzi ndi mankhwala a mbewu ndi zingwe zili m'nyumbamo.

CO wa OPD kutauni: Apa ndagonja, uyu si wa milungu iwiri. Koma funso langa likadalipo, ndipo si lamwano. Mnzathuyu watha ola. Ine ola ndilibe. Tichite bwanji kuti tisaphonye otere pa mzere?

Akulu a ku wodi ya abambo: Funso labwino, ndipo yankho lake si lakuti mupeze ola. Tsiku loyamba munthu ali wolusa, ntchito ndi kumukhazika, kuyeza thupi, ndi kufunsa za ngozi. Zimenezo ndi mphindi khumi. Chimene ndikupempha n'chakuti tsiku limenelo musalembe dzina la matenda limene simunalitsimikize. Lembani kuti first episode psychosis (kusokonekera mutu koyamba), chifukwa chake chikufufuzidwa, amasuta chamba, mbiri yaperekedwa ndi amalume amene sakhala naye, abwere ndi amene amakhala naye. Mzere womalizawo ndi umene umapulumutsa. Wobwera pambuyo panu adziwa kuti nkhani sinathe. Ola lija lidzapezeka pa ulendo wachiwiri, kapena kwa anamwino a za maganizo, ndipo silifunika kawiri.

Pa mnyamata uyu, mphwanga, konzani zimene munalemba dzulo. Musafufute, lembani pansi pake ndi deti la lero: miyezi imene wadwala osalandira mankhwala, kuti kusintha kunayamba chamba chisanabwere, mawu a anthu awiri okambirana za iye, kukana chakudya, wachibale amene anadwala, tameki uja, ndiponso ndi zilembo zazikulu kuti haloperidol 5 mg anamupatsa dystonia. Zikuloza ku schizophrenia, koma dzinalo alitsimikize a ku kliniki ya za maganizo akamuona kangapo. Palibe chothamangira kumupachika dzina lolemera tsiku lachiwiri, chithandizo cha pano n'chimodzimodzi.

Wa ku famase: Pa mankhwala. Amene sanamwepo mankhwala awa thupi lake limamva msanga, ubwino wake ndi kuipa kwake komwe, ndiye mlingo wa wodwala wakale si wake. Buku la mhGAP la WHO, lotsogolera chithandizo cha matenda a maganizo, lija linakonzedwanso mu 2016, limati haloperidol ayambe pa 1.5 mpaka 3 mg patsiku, risperidone pa 1 mg, chlorpromazine pa 25 mpaka 50 mg, n'kumakweza pang'onopang'ono. Kwa uyu, poti waonetsa kale kuti haloperidol amamuumitsa, ngati ku boma kuli risperidone ndi bwino ameneyo. Ngati kulibe, chlorpromazine wa usiku amuthandizanso kugona, koma muwachenjeze za chizungulire akadzuka mofulumira ndi kupsa ndi dzuwa, popeza ndi munthu wakumunda. Mtundu umodzi wokha, osaphatikiza. Muupatse milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi pa mlingo wokwanira musananene kuti sukugwira. Jakisoni wa pamwezi, fluphenazine, asayambe ndi ameneyo: akamuumitsa simungamuchotse m'thupi. Ndipo tsiku lina mukadzafunika kubaya wolusa, haloperidol pamodzi ndi promethazine amachepetsa zimene mwaona lerozi, anaziyesa ku Brazil ndi ku India.

Chinanso, musawapatse mapiritsi a miyezi itatu nthawi imodzi munthu amene anagula tameki. A milungu iwiri, ndipo asunge mayi.

CO wakumudzi: Nanga ndiwauze kuti amwa mpaka liti? Amalume afunsa kale kawiri. Ndipo ndimutumize ku Zomba?

Sisita wa za maganizo: Muwauze kuyambira lero kuti ndi chaka chathunthu kuchokera pamene zizindikiro zatheratu, osachepera, ndipo kusiya kwake n'kokambirana ndi achipatala, pang'onopang'ono. Mukapanda kunena lero, adzasiya mwezi wachiwiri akadzangoona kuti wayamba kudya ndi anzake, ndipo akadzayambiranso adzati mankhwala achizungu analephera. Mawu amene ndimagwiritsa ntchito ine ndi a moto wa chitsa: malawi akazima pansi pamakhala pakunyekabe.

Za asing'anga ndi mapemphero musalimbane nawo. Anthuwa agulitsa mbuzi ziwiri pofuna mwana wawo, si adani athu. Ine ndimangopempha zitatu: mapiritsi asasiye, asamumange kapena kumusalitsa kudya, ndipo zakumwa za kwina atiuze. Kupemphera apemphere.

Ku Zomba Mental Hospital si koyambira. Kumeneko, kapena ku St John of God kwa a kumpoto, n'kwa amene talephera kumukhazika, kapena amene ngozi yake yaposa zimene banja ndi chipatala cha boma zingathe. Koma chifukwa cha tameki uja ndi mawu olamulawo, uyu asabwerere kumudzi lero. Imbirani anamwino a za maganizo a pachipatala cha boma lanu, apite akagone kumeneko masiku angapo mayi ake ali pambali, ayezedwe magazi aja, mankhwala ayambike akuonedwa. Akamatuluka mudziwitse alangizi a zaumoyo a dera lawo, banja likavomera, kuti akaphonya tsiku lake la kukliniki pakhale womuyendera. Za chamba mukambirane naye yekha, osati pamaso pa amalume, ndipo muyambire pa zimene wanena iye mwini, kuti amasuta pofuna tulo. Tulo tikamupatsa ife, chifukwa chimodzi chosutira chachoka.

CO wakumudzi: Ndaimba, akuti abwere naye, risperidone alipo. Mkulu wake wabwerako, tameki wamupeza mmene ananenera, atakulunga m'pepala la shuga. Ndakhala pansi ndi amalume. Sindinatchule za mng'ono wawo, anayamba okha. Anati, "Ujatu tinangomuyang'ana." Ambulansi ikabwera akwera nawo.

CO wakumudzi: Akuluakulu, ndabweranso pa nkhani ya mnyamata uja, papita milungu itatu. Anagona ku boma masiku asanu ndi limodzi. HIV alibe, chindoko alibe. Ali pa risperidone 2 mg usiku, khosi silinavutenso. Lero wabwera ku review woyenda yekha, ndi mayi ake ndi amalume. Akugona. Mawu akuti akadalipo koma ali patali, ngati wailesi ya nyumba yachitatu, ndipo sanamulamulenso kanthu. Za kudzipha ndafunsanso, akuti ayi, ndipo ndizifunsa ulendo uliwonse. Chamba akuti wasuta kamodzi, sindinamukalipire, tagwirizana kuti tikambirananso. Nkhope ikadali yozizira, amayankha mawu amodziamodzi, ndipo za sukulu sanafune kuti tizikambe. Thumba lija pa zenera sanachotse. Ndamuyeza sikelo kuti tiziona ngati mankhwala akumunenepetsa.

A kutauni, mzere uja wakuti mbiri wapereka ndani ndipo amakhala naye kapena ayi, ndaulemba pa kapepala ndamata pa tebulo, ndipo wandithandiza kale pa mayi wina sabata yatha.

CO wa OPD kutauni: Nanenso ndayamba kuulemba. Nanga nsima ija?

CO wakumudzi: Mayi akuti kampoto kake akadali nako, koma kuyambira Lachisanu akudya ya pa mbale imodzi ndi alongo ake, bola ayambe ndi iwo kutema. Abweranso pakatha milungu iwiri.